Kugulitsa katundu pa intaneti: ndalama ziyambe zalowa, katundu atuluke pambuyo

Amene akhalitsa kuno ku East Rand akudziwa kuti aka si koyamba anthu kugona m'matenti ndi m'maholo. Mu 2008 anthu othawa zipolowe anasungidwa pa msasa wa ku Rand Airport ku Germiston. Mu April 2015 kunali msasa wina ku Primrose, ndipo mu September 2019 maholo a DH Williams ndi Tsolo ku Katlehong analandira anthu ochokera ku Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi mayiko ena. Munthu akapeza pogona ndi chakudya, chimene chimayamba kumusowetsa tulo ndi katundu amene anapulumuka. Fuliji ili kwa mnzake ku Tembisa, makina osokera anawasungitsa ku tchalitchi ku Vosloorus, TV ili pansi pa bedi la mlamu ku Daveyton. Wobwerera kumudzi sangakweze zonsezi pa basi, ndipo wotsala akufuna ndalama yolipirira chipinda china. Choncho amatenga foni, kujambula katunduyo, n'kumuika pa intaneti.

Kugulitsa motere si kolakwa, ndipo nthawi zambiri mtengo wake umaposa umene angakupatseni woyandikana naye nyumba amene akudziwa kuti mwapanikizika. Koma akathyali nawonso amadziwa kuti mwapanikizika. Amadziwa kuti muli pa changu, kuti mwina mulibe akaunti yanuyanu ku banki, komanso kuti ambiri mwa ife timaopa kukaonekera ku polisi. Phunziro lino likufotokoza mmene amabera ogulitsa, ndi zimene mungachite kuti thukuta lanu la zaka zambiri lisapite ndi meseji imodzi.

Okushoni ya pa intaneti ndi chiyani?

Amene anakulira kolima fodya akuidziwa okushoni ya ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma kapena ku Mzuzu: belo liri pansi, ogula akupikisana, wotchula mtengo wokwera ndiye watenga. Pa intaneti ndi chimodzimodzi, kungoti ogulawo simuwaona ndipo mpikisano umatha masiku angapo. Muno mu South Africa tsamba lodziwika la malonda otere ndi Bob Shop. Linayamba mu 1999 ndi dzina loti bidorbuy, ndipo linasintha dzina mu 2023. Wogulitsa amalembetsa, amaika zithunzi ndi mtengo woyambira, n'kusankha tsiku lotsekera. Wopambana amalipira kudzera pa tsambalo, eni tsamba amadulapo kagawo kawo, ndipo ogula amalemba ndemanga zosonyeza ngati wogulitsayo ndi wokhulupirika.

Ambiri mwa ife, kunena zoona, timagwiritsa ntchito kwambiri Facebook Marketplace, Gumtree ndi magulu a WhatsApp. Kumeneko kulibe woimirira pakati. Inu ndi wogula mumangomvana awiri, ndipo zikavuta palibe amene akusunga ndalama zanu. Zimene tifotokoze pano zikukhudza malo onsewa.

Musanaike katundu pa okushoni, samalani ndi mtengo woyambira. Anthu amakonda kuyambira pa R1 kuti akope ogula ambiri. Zimenezo zimayendera amalonda amene ali ndi katundu wambiri, oti akaluza apa apindula apo. Inu muli ndi makina osokera amodzi okha. Akapikisana anthu awiri basi, makinawo apita pa R80 ndipo simungadandaule kwa aliyense. Yambirani pa mtengo umene mungaulandire osalira.

Umboni wabodza woti walipira

Iyi ndiyo njira imene yaliza ogulitsa ambiri, choncho tikhalitsapo.

Tiyerekeze kuti mayi wina waika fuliji pa R2,500. Pasanathe ola, munthu wamulembera. Sakunenerera mtengo, sakufunsa ngati fulijiyo imaziziritsa bwino, sakufuna n'kuiona komwe. Akungoti waikonda ndipo alipira pompano, amutumizire nambala ya akaunti. Patapita mphindi zochepa pa WhatsApp pakufika chikalata chokhala ndi chizindikiro cha banki, dzina la mayiyo, R2,500 ndi tsiku la lero. Chimenechi ndi chimene amachitcha proof of payment. Nthawi yomweyo pa foni pakulowanso SMS yooneka ngati ya banki yake yonena kuti ndalama zalowa. Kenako wogula uja akuti iye ali ku ntchito ku Kempton Park, sangachoke, koma watuma dalaivala ndipo ali kale m'njira. Galimoto ikufikadi, dalaivala akuliza hutala, akuti ali ndi maulendo ena. Fuliji ikukwera. Mayi akudikira tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu. Mu akaunti mulibe kanthu, ndipo nambala ya wogula siikupezekanso.

Chinachitika n'chiyani? Chikalata chija anachikonza pa kompyuta kapena pa foni. Kusintha dzina ndi ndalama pa chikalata chenicheni ndi ntchito ya mphindi zochepa. SMS ija inatumizidwa ndi munthu, osati banki. Dalaivala mwina sakudziwa chilichonse, anangoitanidwa pa app ngati mmene aliyense amaitanira, ndipo fulijiyo anakaitsitsa pa mphambano pomwe panali munthu akudikira. Chimene chimapatsa mpata bodzali ndi chakuti ndalama zotumizidwa pa EFT wamba kuchoka ku banki ina kupita ku banki ina zimatha kutenga tsiku limodzi, awiri kapena atatu a ntchito kuti zionekere. Wakuba amaima pamenepo: "Ine ndili ku Absa, inu muli ku Capitec, ndiye zichedwa pang'ono, koma umboni ndi umenewo."

Yankho lake ndi lakuti zikachedwa, fulijinso ichedwa. Umboni wokhawo woti mwalipidwa ndi umene mwauona nokha mutatsegula app ya banki yanu pa foni yanu, kapena mutaika khadi lanu mu ATM. Muyang'ane ndalama zimene mungathe kutapa, zimene pa Chingerezi zimalembedwa kuti available balance. Chithunzi, chikalata, imelo kapena SMS, zonsezo ndi mawu a wogula chabe, ngakhale zitaoneka zokongola bwanji.

Masiku ano wogula weniweni alibe chifukwa chokudikiritsani. Mabanki ali ndi njira yotumizira ndalama zofika nthawi yomweyo, imene amalipiritsa kandalama kochepa. Kuyambira mu March 2023 kulinso PayShap, imene imafikitsa ndalama ku banki ina m'masekondi ochepa. Muuzeni wogula kuti agwiritse ntchito imodzi mwa njirazi, ndipo ngati akudandaula za ndalama yotumizira, muchotsereni pa mtengo. Kuluza R10 kuli bwino kusiyana ndi kuluza fuliji. Akakana zimenezonso n'kuyamba kukalipa kuti mukumuyesa wakuba, musapepese. Mkwiyo umenewo ndi mbali ya ntchito yake.

Wina akakuuzani kuti alipira ndi cheke, musapitirize n'kukambirana komwe. Mabanki a muno analeka kulandira macheke pa 31 December 2020.

Kwa amene alibe akaunti

Apa ndi pamene anthu a pa msasa amapwetekera kwambiri. Wogula amati atumiza pa eWallet ya FNB, CashSend ya Absa kapena Instant Money ya Standard Bank. Njirazi ndi zenizeni ndipo zimathandiza, koma zili ndi mbuna ziwiri. Yoyamba, SMS yake nayo itha kukhala yabodza. Yachiwiri, ngakhale itakhala yoona, wotumiza atha kubweza ndalamazo inu musanazitape. Pa CashSend ndi Instant Money pamafunikanso nambala yachinsinsi imene wotumiza yekha ndiye amaidziwa. Akakupatsani yolakwika, muli ndi uthenga chabe. Choncho pitani pa ATM kapena pa sitolo yotapira, mutenge ndalamazo m'manja, muwerenge, ndiye mupereke katundu.

Ena amabwereka akaunti ya mbale kapena mnzawo. Ngati mwatero, mwini akauntiyo akhale nanu pa nthawi ya malonda kuti atsegule yekha app yake inu mukuona. Kumuimbira foni ali ku ntchito, iye n'kuyankha kuti "inde, meseji yalowa," sikukwanira, pakuti meseji imene waionayo ndi yomwe ija yabodza.

Ndipo inu amene muli ndi akaunti, chenjerani ndi anthu okupemphani kuti ndalama zawo zidzere mwa inu, akulonjeza kukusiyirani kangachepe. Ndalama zotere kawirikawiri zimakhala zobedwa kwa munthu wina. Wobedwayo akakadandaula, banki imatseka akaunti imene ndalama zinafikiramo, ndipo dzina limene apolisi amayamba nalo ndi lanu. Kwa munthu wokhala ndi chiphaso cha section 22 kapena section 24, amene anavutika kuti atsegule akauntiyo, kutayika kwake ndi nkhani yaikulu.

"Ndatumiza zambiri mwangozi"

Ya kumudzi ija tonse timaidziwa, meseji yobwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba yoti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Ya kuno ndi mphwake. Munagwirizana R1,800 ya TV, koma umboni umene wafika ukuti R8,100. Wogula akuimba akulira, akuti anasemphanitsa manambala, ndalamazo zinali za lendi, chonde mubwezereni R6,300 msanga. Munthu wa mtima wabwino amathamanga kukabweza. Koma R8,100 ija sinalowe n'komwe, ndipo zimene mwatumizazo ndi zanu zenizeni. Nthawi zina imalowadi, koma yochokera mu akaunti yobedwa, ndipo banki idzaifuna. Musabweze nokha. Muuzeni kuti akalankhule ndi banki yake, inunso mudziwitse banki yanu.

Linki ya kampani yonyamula katundu

Wogula wina amati ali ku Durban kapena ku Cape Town ndipo atumiza kampani yonyamula katundu. Akukutumizirani linki kuti "mulandire ndalama zanu." Mukaitsegula, tsamba lake likuoneka ngati la kampani yodziwika, ndipo likufunsa nambala ya khadi lanu, tsiku lothera ntchito, manambala atatu a kumbuyo, kenako nambala imene banki yakutumizirani pa foni, ija amati OTP. Mukangolemba zimenezo, mwapereka chilolezo choti atape ndalama zanu.

Kuti munthu akulipireni amangofunika dzina lanu, dzina la banki ndi nambala ya akaunti, kapena nambala ya foni ngati ndi PayShap. Manambala a pa khadi, PIN ndi OTP ndi zotulutsira ndalama, osati zolandirira. Wa ku banki weniweni sadzakufunsani PIN kapena OTP pa foni. Chimodzimodzi ndi imelo yonena kuti ndalama zanu "zagwidwa" mpaka mutalipira inshuwalansi, msonkho kapena chindapusa cha ku OR Tambo. Wogulitsa salipira kuti alandire ndalama zake.

Ngati mukutumizadi katundu kutali, sankhani nokha njira: PostNet kapena PAXI ya m'masitolo a PEP. Tumizani ndalama zitalowa, sungani lisiti ndi nambala yolondolera phukusi, ndipo jambulani katunduyo musanamange ndi mutamanga. Alipo ogula amene amalandira bwinobwino n'kunena kuti sanalandire, kapena kubweza foni yakufa m'malo mwa yanu yamoyo. Pa foni iliyonse mukaimba *#06# pamatuluka nambala yake ya IMEI. Ilembeni musanagulitse.

Za pa okushoni penipeni

Pa tsamba la okushoni chinyengo chofala ndi chokutulutsani panja. Munthu amakulemberani kuti musadikire tsiku lotsekera, akupatsani mtengo wabwino pompano, mungomvana pa WhatsApp kuti eni tsamba asakudyereni kagawo. Mukavomera, mwasiya chitetezo chonse cha tsambalo, ndipo mwabwerera ku nkhani ya fuliji ija. Kagawo kamene mumalipira ndi mtengo wa mboni.

China ndi cha anthu awiri ogwirizana, kapena munthu mmodzi wa maakaunti awiri. Woyamba amatchula mtengo wotsika, wachiwiri amatchula wokwera kwambiri kuti ogula enieni agwe ulesi. Mpikisano ukatha, wokwera uja amasowa osalipira, ndipo wotsika amabwera mokoma kuti "poti winayo wathawa, ndipatseni ine." Simukukakamizidwa. Dziwitsani eni tsamba ndipo muikenso katunduyo.

Imelo yonena kuti wogula walipira musaikhulupirire mwa iyo yokha. Lowani pa tsambalo polemba nokha dzina lake, osati podina linki ya mu imelo, ndipo muone ngati malondawo alembedwa kuti alipidwa.

Pokumana ndi wogula

Pali akuba ena amene safuna za makalata abodza, amangofuna mufike pamalo pomwe angakulandeni. Musavomere kukumana m'nyumba ya munthu, pa malo opanda anthu, kapena madzulo. Sankhani malo inuyo: mkati mwa malo ogulitsira aakulu ngati Golden Walk ku Germiston, East Rand Mall ku Boksburg, Lakeside Mall ku Benoni, Festival Mall ku Kempton Park kapena Chris Hani Crossing ku Vosloorus, pafupi ndi banki pomwe pali alonda ndi makamera. Pa khomo la polisi ndi pabwinonso, ndipo wogula wokana kufika pamenepo wakuuzani kale zambiri. Pitani awiri, masana. Wogula akasintha malo mphindi zomaliza, bwererani.

Musaitanire wogula pa msasa, ndipo polengeza malonda musalembe kuti mukugulitsa chifukwa mukubwerera kumudzi sabata ino kapena kuti munathamangitsidwa. Tikudziwa kuti mumalemba zimenezo kuti anthu amve chisoni agule msanga, koma amene amawerenga mawu otere mwachidwi ndi wakuba. Kwa iye akutanthauza kuti Lachisanu mudzakhala muli pa Beitbridge ndipo mlandu sudzakhalapo. Katundu wolemera ngati fuliji kapena bedi, amene sangapite ku malo ogulitsira, mugulitsire kumene anasungidwa, pakhale amuna awiri kapena atatu, ndipo mumutulutse panja wogula asanafike kuti asalowe m'nyumba ya wokusungiraniyo.

Ndalama za m'manja muziwerenge nokha, pang'onopang'ono, ndipo mukamaliza musazibwezenso kwa wogula kuti "awerengenso," poti ndi pamene ena amasololapo mapepala. Ma R100 ndi R200 muwayang'ane pa kuwala: muone chithunzi chobisika mkati mwa pepala ndi kamzere kachitetezo, ndipo mukhudze zolembedwa zotukuka. Ngati muli ndi akaunti, njira yosavuta ndi kupita ndi wogulayo pa ATM yolandira ndalama n'kuziika iye ali pomwepo. Makina akazikana, malonda athera pomwepo. Foni kapena laputopu musaipereke m'manja mwa munthu kuti akaiyesere pa galimoto yake kapena akaonetse mkazi wake amene ali panja.

Mapepala anu ndi za m'foni

Wogula wina amati sakukhulupirirani, choncho mumutumizire chithunzi cha pasipoti kapena chiphaso chanu. Musatero. Ndi chithunzi chimenecho munthu atha kulembetsa SIM khadi pa RICA m'dzina lanu, kapena kuchionetsa kwa anthu ena amene akufuna kuwabera, iwo n'kumasaka inu. Ngati akufuna kutsimikiza kuti katundu alipodi, muimbirane pa vidiyo mumuonetse.

Pogulitsa foni, chotsani SIM ndi memory card, tulukani mu app ya banki, Mukuru, WhatsApp, Facebook ndi Google, kenako mufufute zonse kuti ibwerere mmene inalili pogula. Musanatero, onetsetsani kuti zithunzi za mapepala anu ndi maimelo a Home Affairs mwazisunga kwina, pakuti ambiri amawonjezera masiku a ziphaso zawo kudzera pa imelo.

Musagulitsire munthu katundu amene simukudziwa kumene anachokera, makamaka nthawi ngati ino pomwe masitolo ndi nyumba zathyoledwa. Kupezeka ndi katundu woganiziridwa kuti ndi wobedwa, osatha kufotokoza mmene munamupezera, ndi mlandu muno. Malisiti a katundu wanu, ngati anapulumuka, asungeni.

Ngati basi ndi ya mawa

Nthawi ikatha, intaneti si malo anu. Masitolo ogula katundu wogwiritsidwa kale ntchito, monga Cash Crusaders ndi Cash Converters, amagula pa mtengo wotsika, nthawi zina wopweteka mtima, koma amalipira pompo. Lamulo la Second-Hand Goods Act la 2009 limawalamula kulemba dzina ndi chiphaso cha wogulitsa, choncho tengani mapepala anu, ndipo funsani kaye ngati amalandira mtundu wa chiphaso chimene muli nacho musanalipire galimoto yonyamula. Njira ina ndi kusiyira munthu wodalirika kuti agulitse modekha n'kukutumizirani pa Mukuru kapena Mama Money. Lembani mndandanda wa katundu ndi mtengo wotsikitsitsa wa chilichonse, musaine nonse awiri pamaso pa mboni, aliyense akhale ndi pepala lake. Chibale chambiri chatha chifukwa cha fuliji yosiyidwa ku Joni popanda cholembedwa.

Mukaberedwa

Ngati mwapereka manambala a khadi kapena mwatumiza ndalama, imbani ku banki yanu nthawi yomweyo pa nambala imene ili kumbuyo kwa khadi, kuti atseke khadilo ndi kuyesa kuimitsa ndalamazo. Apa ola limodzi ndi lalikulu. Musafufute kalikonse: jambulani mauthenga onse, nambala ya foni, dzina ndi chithunzi cha wogula, chikalata chabodza chija, ndi nambala ya galimoto ngati munailemba. Kenako pitani ku polisi ya kufupi mukapereke sitetimenti, ndipo adzakutumizirani nambala ya mlandu, ija amati CAS, imene banki ndi eni tsamba adzaifuna. Pa ngozi ya pompopompo nambala ndi 10111. Kubera munthu mwachinyengo ndi mlandu posatengera kuti wobedwayo ndi wa dziko liti, ndipo lamulo la Cybercrimes Act, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 December 2021, limakhudzanso chinyengo cha pa intaneti. Ngati mapepala anu anapsa, anatayika kapena anatha masiku, musapite nokha. Yambani mwalankhula ndi ogwira ntchito pa msasa kapena maloya a bungwe la Lawyers for Human Rights, amene ali ndi ofesi ku Johannesburg ndi ku Pretoria, kuti akulangizeni.

Tisakunamizeni, katundu wopita motere sabwera kawirikawiri. Komabe nenani, ndipo muuzenso anzanu a pa msasa ndi a m'magulu a WhatsApp nambala ndi dzina limene wakubayo anagwiritsa ntchito. Ambiri amabisa chifukwa cha manyazi, ndipo munthu yemweyo amabera anthu asanu a tenti zoyandikana.

Zokambirana pa gulu

Bambo wina waika jenereta pa R3,000. Wogula wafika yekha pa East Rand Mall masana, ndi waulemu, walankhulako ndi Chichewa pang'ono, akuti mkazi wake ndi wa ku Mangochi. Watsegula app ya banki pa foni yake, waonetsa bamboyo kuti R3,000 yachoka, ndipo SMS yalowa pa foni ya bamboyo. Foni ya bamboyo ilibe data, ndipo ATM ya banki yake ili kumapeto ena a nyumbayo, ulendo wa mphindi zisanu. Wogula akuti galimoto waiimika pamalo olakwika, athamange. Kambiranani: ndi zinthu ziti mwa zimene bamboyu waona zimene zili umboni woti walipidwa? Mnzake amene wabwera naye achite chiyani pa mphindi zisanuzo, ndipo jenereta ikhale m'manja mwa ndani?